Kodi Lilime Limaphunzira Kapena Limangogonja?

M'nyumba zomwera mowa za ku England, zimene eni dziko amazitcha pub, mumagulitsidwa mowa wina umene dzina lake ndi chenjezo. Munthu akafika pa kauntala n'kuitanitsa bitter, liwu limene watchulalo limatanthauza chinthu chowawa. Amalonda ambiri amabisa chilema cha katundu wawo, apo ayi amachiveka dzina lokometsera. Koma pano wogula ndi wogulitsa adamvana kalekale kuti mowawo uzidziwika ndi mbali yake imene lilime la khanda lililonse limaikana. Wogulayo amapereka ndalama, amamwa, kenaka n'kunena kuti mowawo wakoma.

Kwa munthu woganiza m'Chichewa, mawu akuti chowawa chakoma amamveka ngati akutsutsana okha. Mneni wakuti kuwawa amasenza katundu wambiri: kwinini amawawa, tsabola amawawa, chilonda chimawawa, imfa ya mbale imawawa. Kukoma nakonso sikuthera pa lilime, pakuti ndiwo zimakoma, nyimbo imakoma, ndiponso pali anthu okoma mtima. M'chiyankhulochi zowawa zimayendera limodzi ndi mavuto, zokoma zimayendera limodzi ndi ubwino. Choncho tambula ya mowa wa Angerezi imadzutsa funso loposa msinkhu wake. Munthu amene tsiku loyamba adachita tsinya atalawa chinthu, koma patapita miyezi akuchiyamikira, kodi waona choonadi chimene poyamba chidamubisikira, kapena wangodzinamiza kuti afanane ndi anthu amene wakhala nawo? Yankho lake limakhudza aliyense amene adaphunzirapo kukonda chinthu cha eni, kaya ndi chakudya, nyimbo, mabuku kapena chiyankhulo.

Chimene chili m'tambula

Mlandu sugamulidwa woimbidwa mlanduyo asanaonekere, motero n'koyenera kuyamba ndi mowa weniweniwo. Mowa wa bitter umafululidwa ndi zinthu zinayi: madzi, chimera cha balere, yisiti, ndi maluwa a chomera choyanga chotchedwa hops. Chimera chimapereka kutsekemera ndi mtundu wofiirira ngati mkuwa, pomwe hops, akawiritsidwa m'madzi a chimera kwa ola limodzi kapena kuposerapo, amatulutsa kuwawa ndi fungo la zitsamba. Mitundu yakale ya hops a ku England, Fuggle ndi Golding, idatenga mayina a alimi a m'chigawo cha Kent. Mowawu si waukali: nthawi zambiri mphamvu yake imakhala pakati pa 3.5 ndi 4.5 peresenti, chifukwa udakonzedwera anthu ofuna kucheza nthawi yaitali.

Chimene chimausiyanitsa kwambiri ndi mowa wa m'mabotolo n'chakuti umachoka kofululira usanamalize kupsa. Umathiridwa m'migolo yisiti akadali wamoyo, ndipo umakamalizira kupsa m'chipinda cha pansi pa pub. Woyang'anira chipindacho amagoneka mgolo, amakhomapo kachikhomo ka mtengo kuti mpweya wochuluka utuluke, n'kudikira kuti nsenga zikhale pansi ndi kuti mowa uyere. M'chipindamo mumayenera kuzizira madigiri 11 mpaka 13. Mgolo wodziwika kwambiri, wotchedwa firkin, umatenga magaloni 9, amene ndi matambula 72 a mamililita 568 iliyonse. Wogulitsa amakoka mowawo ndi mpope wa dzanja, ndipo pamene mowa ukutsika mumgolo, mpweya wakunja umalowa. Kuchokera pamenepo mgolowo uli ndi masiku ngati atatu okha. Ukapitirira, umayamba kuwonongeka. Ndiye kuti mowa wa dzina limodzi ungakome m'pub ina n'kukhala woipa m'pub yoyandikana nayo, malingana ndi dzanja la wosamalira.

Mlendo amene lilime lake lidakulira pa mowa wa lager, monga zilili ndi ambiri omwa mowa wa m'mabotolo ku Malawi, kumene kampani ya Carlsberg idatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, kawirikawiri amapeza zifukwa zitatu akangolawa: mowawu ndi wofunda, ulibe mpweya wothetheka pakhosi, ndipo ndi wowawa. Palibe chabodza pa zitatuzi. Poyerekeza ndi botolo lochokera m'firiji, madigiri 12 ndi kufunda ndithu. Kuwawako nakonso si kongoganizira. Asayansi adapeza kuti thupi la munthu lili ndi mitundu pafupifupi 25 ya tizigawo tozindikira zowawa, pomwe zotsekemera zimazindikiridwa ndi mtundu umodzi wokha. Zomera zambiri zapoizoni zimawawa, kotero lilime lidakhala mlonda wa pachipata, ndipo khanda silidikira kuphunzitsidwa kuti lilavule chowawa. Komanso anthu sabadwa ndi malilime ofanana: mu 1931 katswiri wa mankhwala Arthur Fox adatulukira kuti mankhwala otchedwa PTC amawawa kwambiri kwa anthu ena pomwe ena samvamo kanthu, ndipo kusiyanaku n'kwa kumtundu. Tsinya la mlendo, tsono, ndi umboni woona. Funso n'lakuti kodi ndi umboni wokwanira.

Eni ake nawonso adachita kuphunzira

Mlendo akaona Angerezi akumwa mowawu mosavutika angaganize kuti adabadwa nawo. Mbiri imanena zina. Kwa zaka mazana ambiri chakumwa cha Angerezi chidali ale, mowa wa chimera wopanda hops, wotsekemera ndi wosachedwa kusasa. Mowa wa hops, umene unkatchedwa beer, udabwera ndi amalonda ndi alendo ochokera ku Flanders ndi ku Holland m'zaka za m'ma 1400, ndipo ulimi wa hops udakhazikika ku Kent m'zaka za m'ma 1500. Ambiri sadaulandire. Mu 1542 sing'anga Andrew Boorde adalemba buku la kadyedwe momwe adati ale ndiye chakumwa chachibadwa cha Mngerezi, pomwe beer ndi wa Adatchi ndipo akuwononga Angerezi amene ayamba kumukonda. Kuwawa kumene lero kumaoneka ngati chizindikiro cha dziko la England kudali kwa alendo, ndipo eni dziko adakuchitira tsinya lomwelo. Hops adapambana chifukwa amasunga mowa kuti usawonongeke msanga. Lilime lidatsatira pambuyo.

Mowa wa bitter weniweni udatchuka m'zaka za m'ma 1800, makamaka kuchokera m'tauni ya Burton upon Trent, kumene madzi a m'zitsime ali ndi mchere wa m'miyala wotchedwa gypsum, umene umachititsa kuti kuwawa kwa hops kumveke bwino ndi kuti mowa uyere. Njanji itafika ku Burton mu 1839, mowa wa makampani monga Bass, imene idayamba mu 1777, udafalikira dziko lonse; ndipo msonkho wa magalasi utathetsedwa mu 1845, anthu ambiri adayamba kumwera m'matambula oonekera m'kati, motero mowa woyera udapeza mwayi. Ofulula ankautcha pale ale. Dzina lakuti bitter lidachokera kwa omwa, pofuna kuusiyanitsa ndi mowa wina wosawawa kwambiri wotchedwa mild. Chikhalirecho, bitter sudali mowa wa aliyense. Gulu la Mass-Observation, limene lidafufuza za moyo wa m'ma pub a m'tauni ya Bolton kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 n'kutulutsa buku lake mu 1943, lidapeza kuti anthu ambiri ogwira ntchito m'mafakitale ankamwa mild, umene udali wotsika mtengo. Bitter udaposa mild m'zaka za m'ma 1960, ndipo pasanathe zaka 30 nawonso udaposedwa ndi lager.

Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti lilime la mtundu wa anthu limasintha, ndi kuti chimene chimalisintha nthawi zambiri ndi njanji, misonkho, mitengo ya zinthu ndi malonda. Izi zimachotsa bodza limodzi, lakuti pali anthu obadwa okonda zowawa. Koma zimakulitsanso chikayiko: ngati ndalama ndi mwayi ndizo zimatsogolera lilime, kodi m'kuphunzira kulawa muli choonadi chilichonse?

Zimene afilosofi adanenapo

Immanuel Kant, m'buku lake la 1790 lonena za kuweruza zokongola, adafuna kutseka mlanduwu usanayambe. Iye adasiyanitsa chokongola, chimene munthu amayembekezera kuti aliyense achivomereze, ndi chongokomera thupi, chimene chimathera pa mwini lilime. Chitsanzo chake chidali vinyo wa ku Canary: wonena kuti vinyoyo ndi wokoma sakwiya akakumbutsidwa kuti akutanthauza kuti akukomera iyeyo. Ngati Kant akulondola, ndiye kuti mlendo wochita tsinya ndi mkulu wa m'pub woyamikira onse akunena zoona, ndipo palibe chophunzira. Koma maganizo amenewa safotokoza chinthu chimene chimachitika kawirikawiri m'ma pub: anthu angapo osauzana amatha kulawa mowa wa mumgolo umodzi, aliyense payekha, n'kuzindikira kuti mgolowo watsala pang'ono kutha kapena kuti mapaipi sadatsukidwe. Kumvana koteroko kumasonyeza kuti pali china chake m'tambula chimene malilime onsewo akukumana nacho.

David Hume, mu nkhani yake ya 1757 yonena za muyeso wa kukoma, adaona mbali imeneyi. Adabwereka nthano ya m'buku la Don Quixote, ya abale awiri a Sancho amene adapemphedwa kulawa vinyo wa mumgolo. Woyamba adati vinyoyo ndi wabwino koma akumveka kachikopa. Wachiwiri adati akumveka kachitsulo. Anthu adawaseka, koma mgolo utatha adapeza pansi pake kiyi wakale womangidwa ndi kachingwe kachikopa. Kwa Hume, wodziwa kulawa ndi amene amamva zinthu zimene zilimodi, ndipo luso limeneli limabwera ndi kuyesa kawirikawiri, kuyerekeza chinthu ndi chinzake, kuchotsa tsankho, ndi nzeru. Poyang'ana motere, mlendo wa tsiku loyamba ali ngati munthu womva chiyankhulo chachilendo: makutu ake ali bwino, koma amangomva phokoso limodzi lalitali chifukwa sadziwa pamene liwu lina likuthera ndi pamene lina likuyambira. Akadekha, kuwawa kumene kudaphimba zonse kumagawika. Amayamba kumva kutsekemera kwa chimera kutsogolo, fungo la zipatso lochokera ku yisiti pakati, ndi kuwawa kowuma kumapeto kumene kumatsuka kutsekemera kuja kuti m'kamwa musatope. Amazindikiranso kuti mowa wozizira kwambiri umagonetsa lilime, ndi kuti madigiri 12 adasankhidwa dala. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe Daniel Dennett, mu nkhani yake ya 1988, adagwiritsa ntchito mowa womwewu kusonyeza kuti mlandu sunathe. Womwa mowa wozolowera amavomereza kuti tsiku loyamba sudamukomere. Koma atafunsidwa kuti chasintha n'chiyani, sangathe kunena motsimikiza. Kodi kukoma kwa mowa kudakali kumodzimodzi, iye n'kuyamba kukukonda? Kapena kukomako kudasintha, kotero kuti chimene akukonda lero si chimene adachida tsiku lija? Kukumbukira sikungathandize, pakuti lilime limene likukumbukira ndi lomwelo limene lasintha. Phunziro lake n'lakuti munthu sangagamule mlandu umenewu pongoyang'ana m'kati mwake. Kunena kuti tsopano chinthu chikumukomera si umboni wakuti waphunzira, popeza wogonja nayenso amanena zomwezo, ndipo amazinena ndi mtima woona.

Apa ndi pamene chikayiko cha Pierre Bourdieu chimalowera. M'buku lake la 1979, lochokera pa kafukufuku wa ku France, iye adasonyeza kuti zimene anthu amati zimawakomera zimatsatira gulu limene akuchokera kapena limene akufuna kulowamo, ndi kuti kukonda chinthu china ndi njira yodzilekanitsira ndi okonda chinzake. Pub ndi malo amene zimenezi zimaonekera poyera. Mwambo wake ndi wakuti anthu okhala pa tebulo limodzi amagulirana mosinthana, aliyense ulendo wake, ndipo mphamvu ya mwambowu ndi yaikulu kotero kuti mu 1915, pa nthawi ya nkhondo, boma lidaletsa kugulirana mowa m'madera ambiri pofuna kuchepetsa kuledzera kwa antchito. Mlendo amene wapatsidwa tambula pa tebulo loterolo amadziwa kuti maso ali pa iye. Kwa mlendo wa khungu lakuda, mbiri imawonjezera kulemera. Pa 12 February 1965 Malcolm X adayendera tauni ya Smethwick, ndipo Avtar Singh Jouhl wa bungwe la Indian Workers' Association adapita naye ku pub ya Blue Gates kuti akadzionere yekha chipinda chimene anthu osakhala azungu sankagulitsidwamo mowa. Lamulo loletsa tsankho m'malo otere lidakhazikitsidwa kumapeto kwa chaka chomwecho. Pamene khomo lidakhalapo lotseka, munthu amene waloledwa kulowa amakhala ndi chifukwa chachikulu choyamikirira chilichonse chimene wapatsidwa. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Choncho sichingakhale chodabwitsa ngati ena mwa oyamikira mowawu akuyamikira mpando umene apatsidwa pa tebulo.

Kuwawa ndi kusasa

Ngati kuyang'ana m'kati sikungalekanitse wophunzira ndi wogonja, njira yotsala ndiyo kuyang'ana zimene munthuyo amatha kuchita. Pano Chichewa chili ndi mawu othandiza, pakuti chimasiyanitsa kuwawa ndi kusasa. Aliyense wodziwa za thobwa kapena masese amadziwa kuti chakumwa chosasa ndi chimene chapitirira nthawi yake. Mowa wa bitter umayenera kuwawa, suyenera kusasa. Mgolo ukakhalitsa, tizilombo timasandutsa mbali ina ya mowa kukhala viniga, fungo la hops limazilala, ndipo mowa umachita chifunga. Kwa mlendo wa tsiku loyamba, tambula yabwino ndi tambula yosasa ndi zofanana, zonse n'zoipa. Kwa wogonja nazonso n'zofanana, zonse n'zabwino, chifukwa chimene iye adaphunzira kukonda ndi dzina la mowa ndi anthu omwa. Wophunzira yekha ndiye amene angathe kuzilekanitsa.

Mwambo wa m'pub umapereka mpata wa zimenezi. Munthu akapatsidwa mowa wowonongeka amaloledwa kubwerera nawo ku kauntala n'kunena mwaulemu kuti suli bwino, ndipo wogulitsa wodziwa ntchito yake amaulawa kapena kuununkhiza, amapereka wina, n'kutembenuza chikwangwani cha pa mpope kuti mgolowo usagulitsidwenso. Kachitidwe kakang'ono kameneka ndiko kiyi wa Hume wa pansi pa mgolo. Wobweza tambula akunena chinthu chimene wina angathe kuchitsimikiza kapena kuchitsutsa, ndipo akudziika pa chiswe choti angalakwitse pamaso pa anthu. Akulolanso kusemphana ndi tebulo lonse ngati enawo akungomwa osadandaula. Munthu wongofuna kulandiridwa sachita zimenezi. Ndiye kuti chizindikiro cha lilime lophunzira chimaonekera pa kukana, pamene munthu akana chinthu china mwa zinthu zimene amakonda, napereka chifukwa.

Mbiri ya mowawu ili ndi chitsanzo cha kukana kotereku kochitidwa ndi gulu. M'zaka za m'ma 1960 makampani akuluakulu asanu ndi imodzi adagula ofulula ang'onoang'ono ambiri, ndipo m'ma pub awo adayamba kugulitsa mowa wosefedwa, wophedwa yisiti ndi kutentha, wokankhidwa ndi mpweya wa m'masilinda. Mowa wotere, monga Watneys Red Barrel, sunkafuna luso la woyang'anira chipinda cha pansi ndipo unkakhala milungu yambiri osawonongeka. Udalengezedwa kwambiri, ndipo nawonso unkatchedwa bitter. Mu 1971 anyamata anayi a ku England, ali pa tchuthi ku Ireland, adayambitsa bungwe limene mu 1973 lidatenga dzina lakuti Campaign for Real Ale, mwachidule CAMRA. Iwo adakana kuvomereza kuti dzina limodzi likutanthauza chinthu chimodzi. Chikadakhala kuti lilime limangotsatira malonda ndi gulu, kukana kumeneku sikukadachitika, pakuti ndalama zonse ndi zolengeza zonse zidali mbali inayo. Mowa wa mumgolo udapulumuka, ndipo ofulula monga Timothy Taylor ku Keighley ndi Harvey's ku Lewes akuufululabe.

Izi sizikutanthauza kuti okana sangagonje. Liwu lakuti real, limene limatanthauza chenicheni, lingasanduke chikwangwani chatsopano chimene munthu amachilambira osalawa, n'kumanyoza womwa lager ngati mbuli. Angerezi okha samvana ngakhale pa thovu: kumpoto amafuna thovu lochindikala, lopangidwa ndi kachipangizo koikidwa kukamwa kwa mpope, pomwe kumwera ambiri amafuna lochepa. Wophunzira amadziwa chimene thovu limachita ku kuwawa kwa mowa ndipo angathe kusankha. Wogonja amangodziwa mbali imene kwawo kuli. Komanso zimene zidapulumuka mu 1971 sizili pamtendere mpaka kale. Fakitale ya Boddingtons ku Manchester idatsekedwa mu 2005. Fuller's, ofulula London Pride ku Chiswick, adagulitsa ntchito yawo yofulula kwa Asahi ya ku Japan mu 2019. Mu 2024 kampani ya Carlsberg Marston's idasiya kugwiritsa ntchito migolo yolumikizana yotchedwa Burton Union, njira yofululira ya m'zaka za m'ma 1800 imene idatsala ku Burton. Kusintha kulikonse koteroko kumaikanso womwa pa mayeso: kodi angamve kusiyana ngati kulipo, ndipo kodi angavomereze moona mtima ngati kulibe?

Pamene muyesowu umalekezera

Pali njira yachitatu imene chowawa chimalekera kuwawa, yosiyana ndi kuphunzira komanso kugonja, ndipo ndiyo yoopsa koposa. Tsabola wakale sawawa. Chimodzimodzinso lilime limene lazolowera mopitirira limaleka kumva. Mowa uli ndi mankhwala amene amakoka thupi kuti liufunenso, kotero munthu angaganize kuti wakhala katswiri wa kulawa pomwe wangokhala kapolo wa ludzu. Mu 2016 akuluakulu a zaumoyo ku United Kingdom adalangiza kuti amuna ndi akazi asamapitirire miyeso 14 ya mowa pa sabata, imene ndi matambula ngati 6 a mowa wa mphamvu yapakati. Muyeso wa kukana umagwiranso ntchito pano. Wophunzira, pamene akudziwa zambiri, ndi pamene amasankha kwambiri. Angathe kusiya tambula ili pakati, kapena kutuluka osamwa akapeza kuti mgolo suli bwino. Chidakwa chimayenda njira yosiyana: pamene chikumwa kwambiri ndi pamene chimalekeratu kusankha. Tambula yachisanu siphunzitsa kanthu kamene yoyamba idalephera kuphunzitsa, popeza pofika pamenepo mlonda wa pachipata wagona.

N'kofunikanso kunena kuti palibe munthu amene ali ndi ngongole yokonda mowa umenewu kapena wina uliwonse. Wosamwa chifukwa cha chikhulupiriro, thanzi kapena kufuna kwake sataya kanthu pa umunthu wake. Ndipo munthu angalawe kangapo, n'kumva chimera, yisiti ndi hops, n'kuzindikira mgolo wabwino ndi wosasa, koma n'kutsirizabe ndi mawu akuti sumukomera, mwina chifukwa lilime lake ndi la mtundu uja umene Fox adaupeza, womva kuwawa koposa ena. Kukana koteroko ndi kwa wophunzira, ndipo n'kosiyana kutali ndi tsinya la tsiku loyamba, ngakhale mawu ake akufanana. Apa Kant amapezanso gawo lake: kumva zimene zili m'tambula kungaphunziridwe ndipo kungatsutsidwe, koma kuzikonda kumatsala m'manja mwa mwini.

Kuchokera pa zonsezi mukutuluka udindo wa mbali ziwiri. Mlendo ayenera kuchitira chinthu cha eni chilungamo chimene woweruza wabwino amachitira woimbidwa mlandu, ndiko kusagamula pa umboni wa mboni imodzi, ngakhale mboniyo ndi lilime lake lomwe. Ayeneranso kudzichitira yekha chilungamo posayamikira chimene sadachimve. Ulemu sufuna bodza. N'kokwanira kunena kuti chinthucho n'chachilendo ndipo adzalawanso. Eni ake nawo, ngati akufunadi kuti mlendo aphunzire, ayenera kumupatsa ufulu wokana. Wogulitsa amene amathira pang'ono m'katambula kuti wogula alawe asanalipire, monga zimachitikira m'ma pub ambiri, amachita chinthu chanzeru kuposa mnzake wa pa tebulo amene amayang'anitsitsa nkhope ya mlendo kudikira mawu oyamikira. Chiyamikiro chokakamiza sichiuza mwini mowa kanthu za mowa wake.

Mfundo yomweyi ingathandize wophunzira wa ku yunivesite amene amadzifunsa ngati chikondi chake pa mabuku kapena nyimbo za kunja chili chake kapena adachita kuvekedwa. Kumene chikondicho chidachokera sikungayankhe funsolo, pakuti zokonda zonse zidachokera kwina: hops adachokera kutsidya kwa nyanja, ndipo Mngerezi aliyense womwa bitter adayamba ndi tsinya. Kukula kwa chikondicho nakonso sikungayankhe, popeza wogonja amakondanso ndi mtima wonse. Chimene angadzifunse n'chakuti, mwa zinthu zimene adaphunzitsidwa kulemekeza, kodi pali chimene adachipeza chosasa, n'kutha kunena chifukwa chake, ngakhale aphunzitsi ake akuchimwabe mokondwera? Ngati chilipo, lilime lake laphunzira. Ngati zonse za dzina lotchuka zimamukomera mofanana, ndiye kuti ntchito yolawa sadaiyambe.